Amuna anga akukana kuyezetsa magazi chiwaotchereni cheza cha makina a msewu

Aphungu,

Ndine mayi wa kwa Kaomba kuno ku Kasungu. Ine ndi amuna anga, a Saulos, tinakwatirana chaka chimene makuponi a feteleza ankayamba kumene. Sitinali olemera, koma ndikakumbukira masiku amenewo misozi imalengeza. Mmamawa tinkapita limodzi kudimba kukathirira nazale. Nthawi yosoka fodya tinkaswera pachigafa, manja ali bii, iwo akuimba nyimbo za kwaya molakwitsa dala kuti ndiseke. Feteleza akafika pa Boma ankandikweza pakaliyala. Pobwerera thumba ndi limene linkakwera njinga, ife tikuyenda wapansi n'kumatafuna nzimbe.

Kenaka fodya wathu anayamba kubwezedwa ku okushoni, ndipo zaka zina kuponi inkatiphonya. A Saulos anakalowa ntchito kukampani ina yomanga misewu, komwe ankanyamula kamakina kachikasu koyezera kulimba kwa dothi.

Mwezi watha chigalimoto chopondereza msewu chinaponda makinawo. Iwo, poti safuna kuona chinthu chikutayika, anatola zidutswa ndi manja n'kukapereka kwa kapitawo. Sankadziwa kuti m'katimo muli kachitsulo kotulutsa cheza choopsa chosaoneka ndi maso, chimene madokotala akuti radiyeshoni. Patapita masiku zala zawo zinafiira n'kutuluka matuza ngati apsa ndi moto.

Dokotala wati awatenge magazi pang'ono, atumize kunja kwa dziko akaone kuchuluka kwa cheza chimene chinawalowa m'thupi. Apongozi anga, a Anesi, akanitsitsa. Anati, "Magazi a mwana wanga asadutse malire. Mukudziwa zimene akachite nawo kumeneko?" A Saulos eni ake anangondiuza kuti, "Amake Lonjezo, ndikadziwa ndipindulanji? Ndisiyeni ndibwerere kumunda."

Pano amangokhala pakhonde dzanja lili lomanga, kuyang'ana chigafa chathu chimene chinagwa denga. Saimbanso. Ndiwakakamize kapena ndiwaleke? Nanga n'zoona zimene akunena anthu kuti ine ndi mwana wathu Lonjezo tingatengere?

M.S., Kasungu

Mayi M.S.,

Pepani ndi zimene zakugwerani. Mwawasowa bambo amene ankakuimbirani pachigafa, ndipo n'zomveka. Koma bambowo akadalipo, kungoti ali ndi mantha. Ndiye pano olimba mtima mukhale inu.

Ndafunsa odziwa zachipatala, ndipo andifotokozera motere. M'magazi mwathu muli maselo oyera, ndipo m'kati mwa selo lililonse muli timaulusi ting'onoting'ono. Cheza chikadutsa m'thupi chimadula timaulusi timeneti, ndipo tina tikamalumikizananso timalumikizana molakwika. Akatswiri amaona maselowo pamakina okulitsa zinthu n'kuwerenga toonongekato. Tikachuluka ndiye kuti chezanso chinali chambiri. Sikuti yankho limatuluka ndendende, makamaka poti iwo anapsa kwambiri dzanja lokha, koma limathandiza dokotala kudziwa chithandizo choyenera komanso zoti aziyang'anira m'tsogolo muno.

Kuyezaku si mankhwala, sikuchiza dzanjalo. Komanso sikufuna kuzengereza, chifukwa maselo oonongekawo amanka natha pamene thupi likupanga atsopano. Mukachedwa kwambiri, chizindikiro chimazilala.

Apongozi anu musakangane nawo. Mayi aliyense amaopera mwana wake. Atengeni mupite nawo kuchipatala akaone okha kabotolo kake kuchepa, ndipo adzifunsire okha kwa dokotala kumene magaziwo akupita ndi chimene adzachite ndi otsala. Ngati pali mkulu wa mpingo amene amamukhulupirira, apite nawo.

Bambowo muwayankhe funso lawo lija. Auzeni kuti kumunda akufunako kumafuna munthu wodziwa mmene thupi lake lilili, ndipo Lonjezo akufuna bambo ake kwa zaka zambiri. Lankhulani nawo muli awiri, osati pagulu la achibale.

Za kutengera, cheza si chimfine, sichipatsirana pogwirana chanza kapena kudyera mbale imodzi. Chokhacho, ngati kachitsulo kaja kanasweka, fumbi lake likhoza kutsalira pazovala kapena pathupi. Zovala zimene anavala tsikulo muzimange mujumbo, muziike kutali ndi mwana, ndipo muuze achipatala kuti aziyeze pamodzi ndi eni ake.

Chenjerani ndi izi: dzanjalo lisatemedwe mphini kapena kupakidwa zitsamba, ndipo asasaine pepala lililonse la kukampani zotsatira zisanabwere. Musawapusitsenso kuti mukungopita kukatsukitsa bala, chifukwa magaziwo ndi awo, ayenera kuvomera okha. Musawalonjeze kuti zotsatira zidzakhala zabwino, poti inu simukudziwa, inenso sindikudziwa. Alonjezeni chimene mungathe, chakuti tsiku lokamva zotsatiralo mudzakhala nawo pabenchi yomweyo.

Aphungu