Misozi ya azakhali pamaliro

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Joniko. Kuno matupi ali bwino, koma mudzi wadwala maganizo.

Mwana wa a Bandawe, oyandikana nafe aja, tinamuika Lachiwiri. Kuchipatala ku Thambani ananena poyera kuti anali malungo. Koma wina anakumbukira kuti azakhali athu anamupatsa mtedza asanadwale, ndiye basi, akuti anamulodza, mlandu unathera pomwepo. Ana ena amene anadya nawo mtedzawo akusewera mpaka lero, koma palibe akuwatchula.

Pamaliropo azakhali analira kwambiri. Amayi ena anati, "Taonani, akubisa zimene achita." M'mawa mwake azakhali anakhala chete, ndipo amayi omwewo anati, "Mwaona? Ngakhale msozi alibe." Ndinawafunsa kuti, "Nanga achite chiyani kuti muvomere kuti sanalodze mwanayu?"

Chimene chikundiwawa ndi ichi, achimwene. Dzulo azakhali anamubweretsera mwana wanga Chisomo manachesi. Ine amene ndinawaikira kumbuyo ndinalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, kenako ndinakataya kudzala. Ndimadziwa kuti ndi bodza, koma ndinawatayabe. Azakhali anandiona, ndipo anangotembenuka n'kumapita.

Chonde lankhulani ndi amalume awatengere kaye ku Blantyre anthu asanawatenthere nyumba. Azakhaliwo muwaimbirenso foni, amveko mawu a m'bale amene sakuwaopa, poti kuno wotero palibenso.

Mulungu akusungeni, ndipo ife atikhululukire.

Ndine mlongo wanu,
Esinati