Nkhope ya Rutuja

Lolemba, 6 Janyuwale

M'mawa chisanu, masana dzuwa lolasa m'maso. Atsikana khumi ndi anayi, magolovesi asanu ndi anayi, awiri ong'ambika. Mpikisano wa sofitibolo wa sukulu za m'boma lathu uli pa 18.

Osewera apafupi alibe vuto. Mutu ukundiwawa ndi atatu akutali, oima kumapeto kwa bwalo kudikira mipira yam'mwamba. Pakati Sayali, zaka 13, kamwana kaliwiro koopsa. Kumanzere Rutuja, zaka 17, mwana wa bambo ake aakulu a Sayali. Nyumba imodzi, khitchini imodzi. Kumanja Mrunal, uyo ndiye bola.

Lamulo ndi limodzi. Mpira ukakwera pakati pa anthu awiri, mwini mawu ndi wapakati. Akakuwa kuti "Wanga!" winayo apatuke. Ndabwereza mpaka kukhosi kuuma. Onse kungogwedeza mitu.

Lachitatu, 8 Janyuwale

A Bhangale, bambo ake a Rutuja, atulukira pabwalo ndi njinga yamoto, utomoni wa nthochi uli m'malaya monse. Ati pa 19 kubwera alendo ochokera ku Bhusawal kudzamuona Rutuja. Mnyamata wantchito yabwino kunjanji. Akakondwa naye, ukwati ukhala mu Meyi, atakwanitsa zaka 18. Mpikisanowu ndi womaliza kwa Rutuja, ndipo alola chifukwa mayi ake anachita kuchonderera.

"Bai," mmene amatiitanira aphunzitsi aakazi kuno, "nkhope yakeyo mundibwezere mmene ndakupatsirani."

Akunena choncho maso ali pamphuno pangapa. Ndani sadziwa m'tauni muno? Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, mpira m'mwamba, ine ndi kaputeni wathu tonse maso kumwamba. Ndinali wamng'ono, ndinachita manyazi kumukuwira. Mphuno yopindika, chipsera kudutsa chikope. Mabanja atatu anabwera kwathu kudzandiona, ndinawaperekera tiyi ndi pohe, kampunga kokazinga kolandirira alendo, anadya, anandiyang'ana, sanabwererenso.

Ndavomera. Ndikanati chiyani?

Lachisanu, 10 Janyuwale

Mipira makumi atatu pakati pa awiriwa. Sayali sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Amathamanga mwakachetechete ngati mphaka, akafika pafupi ndi mkulu wakeyo n'kuima, mpira n'kugwera pansi. Pena saima. Kawiri mapewa akhudzana. Kachitatu zipewa zagundana.

Ndamukalipira. Misozi lengelenge, ati, "Ndingawakuwire bwanji a Tai, Bai? Kunyumba sindikhala pansi iwo ataimirira." Tai ndiye kuti achemwali, mmene amamuitanira Rutuja.

Abale inu! Ulemu womwewu ndi umene unandiphwanya mphuno.

Kuwasinthanitsa sizingatheke, Rutuja alibe liwiro la pakati. Koma manja ake! Zaka zitatu, mipira zana tsiku lililonse, golovesi pamwamba pa chipumi, dzanja linalo pambali. Ndinkamuuza kuti dzanja liziwakha lokha mutu usanaganize. Pano ukamuponyera akucheza amangowakha osayang'ana.

Lachiwiri, 14 Janyuwale

Chikondwerero cha Sankranti. Makaiti thambo lonse, sukulu yotseka, koma ife tinabwera. Ndinamuimika Sayali kumpanda, nkhope kumunda wa nthochi, kuti akuwe kokwana makumi asanu. Poyamba kaliwu ngati ka mwanapiye. Kenaka Rutuja anapita n'kumutsina khutu. "Kuwa, iwe. Ndakulola ine mwini wake." Anakuwa mpaka njati yoweta ya oyandikana nafe inadula chingwe. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Mtima unakhala pansi koyamba sabata yonseyi.

Tikudya maswiti achitowe pansi pa mtengo, Rutuja anandifunsa ngati n'zoona kuti anthu odzandiona aja anabwerera chifukwa cha chipserachi. Ine ndi pakamwa pangapa. Ndinaseka, ndikuti onse atatu anathawa, mmodzi anaiwala ndi ambulera yomwe. Anafunsa ngati ndinadandaula. Ndinati ndikanakwatiwa bwenzi ndikukazinga mabilinganya kwa apongozi, osati kuyendetsa njinga yangayanga ndi kukalipira ana a eni. Anzake anaseka. Iye sanaseke.

Lachinayi, 16 Janyuwale

Sayali wakuwa. Bwalo lonse lamva, ndi alonda a pachipata omwe anatembenuka. Rutuja sanapatuke. Anabwera ndithu ndi liwiro, chibwano kutsogolo, golovesi pansi. Sayali anachita kudziponya pambali, chigongono chasupuka.

Ndinamenyanso mpira wina. Chimodzimodzi.

"Sindinamve, Bai."

Sanamve? Mwana amene amamva ndikanong'oneza ndili uko? Ndinamuthamangitsa kuzungulira bwalo kasanu, ndikuganiza kuti ndi chibwana.

Ndazindikira ndili panjinga, pamphambano ya kumsika. Ndinaima pambali pa msewu, magalimoto akundiimbira mahutala. Mayo ine. Rutuja akufuna chipsera dala, kuti alendo ake abwerere. Ndipo njira yake ndinamuonetsa ndine, ndikuseka, switi ili m'kamwa.

Lachisanu, 17 Janyuwale

Ndinamuitanira Rutuja kuchipinda cha zipangizo n'kumufunsa ngati akuchita dala. Sanakane, sanavomere. Ati akufuna kukaphunzira za masewera kukoleji ngati ine. Anawauza bambo ake, iwo anati mwana wamkazi salankhula pa nkhani zoterezi. Mnyamatayo wangomuona pachithunzi.

Ndinamugwiritsa mpira. Wouma ngati mwala. Ndinati mpira susankha pogwera, ine unandisiyira diso mwamwayi chabe, ndipo mutu wa Sayali nawo ndi mutu wa munthu. Apo anadzidzimuka, za mng'ono wakeyo anali asanaziganize. Analumbira kuti Sayali samukhudza. Za iye mwini sanalumbire.

Ndikawauze a Bhangale? Amutsekera m'nyumba mpaka Meyi. Ndimukhazike pabenchi? Masewera ake omaliza, atatuluka thukuta zaka zitatu? Ndikamusewetsa n'kuvulala, bambo aja andidya wamoyo, ndipo palibe kholo lidzandipatsenso mwana wake. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndamuuza Sayali kuti akaona a Tai akubwera, athawe, mpira ugwe. Ntchito ya masabata awiri ndaiphwasula ndekha.

Dzina la Rutuja ndalilemba pa pepala la osewera. Ndinafufuta, ndinalembanso. Ndikuopa kwambiri.

Loweruka, 18 Janyuwale

Masewera awiri oyamba, mipira yonse yapansi. Ndinkathokoza chamumtima. A Bhangale pampando wakutsogolo, malaya oyera, manja pachifuwa.

Masewera omaliza, chigawo chomaliza. Ife patsogolo ndi chigoli chimodzi, awo awiri atuluka kale, othamanga awiri ali panjira. Tikangowakha mpira umodzi, chikho n'chathu. Mtsikana wawo wamtali uja anamenya. Phaa! M'mwamba kwambiri, pakati penipeni pa awiriwa.

Sayali anakuwa. Anaona mkulu wake akubwera, anapatuka monga ndinamuuzira.

Rutuja anafika pansi pa mpira yekha. Anaima. Anavula chipewa. Manja onse awiri anawatsitsa m'mbali, nkhope kumwamba, maso otsinzina. Ndinaona zonse. Ndinafuna kukuwa, mawu osatuluka, ine amene ndakhala ndikuphunzitsa ana kukuwa. Mpira ukutsika, ukutsika.

Dzanja linakwera lokha.

Golovesi pamwamba pa chipumi, linalo pambali, ndendende mmene ndinamuphunzitsira. Mpira khwa.

Bwalo lonse phokoso. Atsikana kumukumbatira, a Bhangale kuwomba m'manja ataimirira. Anthu ankati Rutuja akulira ndi chisangalalo. Iye ankangoyang'ana golovesiyo ngati si yake. Kenaka anayang'ana ine.

A Bhangale anamugwira chibwano, kumutembenuza uku ndi uku padzuwa. Ngakhale kachikanda. "Mwasunga mawu anu, Bai." Anandipatsa phava la nthochi.

Ndakondwa kuti diso lake lilipo, ndakondwadi.

Popereka golovesi Rutuja anangoti, "Munandiphunzitsa bwino, Bai."

Alendo afika mawa nthawi ya 10 m'mawa.

Lolemba, 20 Janyuwale

Atsikana khumi ndi atatu. Chikho chili muofesi ya ahedi.

Sayali akuti alendo anadya pohe, anawonjezera kawiri. Tsiku la ukwati ndi 11 Meyi. Sindinafunse zambiri.

Kumanzere sindinaikeko munthu, mawa ndiona. Ndinamenya mpira m'mwamba molowera komweko, dzanja langozolowera. Sayali anathamanga, palibe wina aliyense mbali yonseyo, koma anakuwabe ndi mphamvu zake zonse.

Nthochi zija zayamba kupsa pakhonde. Sindinadyeko.