Ojambula anayi aja

Lachinayi. Kwatentha, ndipo tsiku lonse ndayankhula ndi foni iyi basi.

Tsamba langa la zojambula pa intaneti lakwanitsa mwezi. Ndinati aliyense azibisa dzina, chifukwa kuno ku Ngara bambo wamkulu ukagwira penti amakuseka. Palibe anabwera. Ndiye ndinapeka mayina anayi, koma onsewo ndi ine ndekha.

Lero munthu weniweni watumiza chithunzi cha amayi akupuntha mpunga. Chaposa zanga zonse. Akudzitcha Mphepo. Walemba kuti, "Akulu, ndimayesa ndili ndekha. Loweruka tikumane ku Boma, mubwere nawo anzathu anayiwo."

Ndangoyankha kuti yewo. Ndikamuuza zoona mwina athawa, ndiye nditsalanso ndekha. Loweruka ndipita ndithu. Akafunsa kuti enawo ali kuti, ndidzati... kaya.