Kuchokera ku Kepitauni Kufika ku Katuli

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ine kuno mtima suli m'malo.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Patuma wachira, ndi mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Kulira kwake ndi kuja munkakalipira mbuzi zikalowa m'dimba. Nandolo wachita bwino chaka chino, koma chimanga anankafumbwe achiyamba kale.

Ababa ndiwo sali bwino. Miyendo yatupa, phala akumwa masipuni atatu basi. Kuchipatala anatibweza ndi mapiritsi, ndipo adokotala polankhula ankayang'ana pansi. Ndikanena zoimbira foni achimwene a Saidi ku Kepitauni, ababa amandiletsa: "Musiyeni mwana agwire ntchito. Tchuthi amapatsidwa kamodzi pachaka, musamuwonongere. Ndege zilipo, adzabwera nthawi yake."

Mawu amenewo ndi omwe ndinadzinamiza nawo pa inu. Ndinkati ndege sichedwa: maola awiri kufika ku Joni, ena awiri ndi pang'ono kutera ku Chileka, munthu wanyamuka m'mawa, masana ali pano. Ndinadikira mpaka munatsirizika m'bandakucha, ndiye n'kuimba. Sindinawerengere zodikira ndege yachiwiri pabwalo la ku Joni, minibasi ya ku Blantyre yoima pa siteji iliyonse, ngakhale msewu wathu wa ku Katuli umene njinga yamoto imachita kuunyengerera. Anakuikani litatha pemphero la swala ya masana, monga mwa chipembedzo chathu. Achimwene anafika mawa lake madzulo, dothi litauma kale pamwamba. Bulangete lomwe anakugulirani likadali m'pulasitiki. Sanandinenepo kanthu, koma mpaka lero akaimba amafunsa za mvula ndi za ana, za inu ayi. Zimandiwawa, amayi.

Sabata ino ndangokhalira kuwerenga maola aja, popeta ndikuwerenga, kumjigo ndikuwerenga. A m'mwamba ndi ochepa, a pansi ndi omwe amatidya. Ndikawaitana achimwene tsopano, ababa n'kutsitsimuka, tchuthi chatha, ndipo tsiku lenilenilo abwana awo sadzawalolanso. Ndikadikira, ashehe sadzadikira. Inu munkati ndionetsetse adathetsa nkhosa, munkanena ine ndikamazengereza kuphula mpunga mpaka kupserera.

Ndiye ndaganiza. Onyamula jeneza, chithatha cha maliro, alipo ambiri pamudzi pano, sadzasowa. Koma mwana wamwamuna woti awakhazike ababa tsonga n'kuwamwetsa phala ndi mmodzi yekha. Ndikamaliza kalatayi ndikwera pachulu paja pamagwira netiweki, ndikawaimbire achimwene. Ababa akakwiya, akwiye, adzawakalipire okha pamaso.

Ndikulonjeza, amayi: ulendo uno achimwene akapereka salamu pakhomo, alipo adzayankha m'nyumba.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Asiyatu