Tsiku Limene Esinati Anapereka Njinga

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno tilipo. Maondo ndiwo akundivuta, koma kumunda ndikupitabe. Akundilembera kalatayi ndi Amayi Tembo, aja ankaphunzitsa pasukulu, ndipo ndawauza kuti alembe monga ndikunenera, asakometse mawu.

Ndiyambe ndi zabwino. Mdzukulu wanu Yosefe ali ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akalira amamveka mpaka kuchigayo, monga inu mukamaitana mbuzi. Nsawa zachita bwino chaka chino, nkhokwe yadzaza. Thonje lokha ndilo latikhumudwitsa, mbozi zinalowa tisanapopere. Mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba uja unagwa ndi mphepo nkuphwanya khola, koma nkhuku zonse zinapulumuka.

Tsopano nkhani imene yandikhala pakhosi ndi ya Esinati, wotsiriza wanga, amene munamuphunzitsa kupalasa pa njinga yanu yakuda ija miyendo yake isanafike pansi. Mukukumbukira mmene ankapitira ku Vubwi kwa atsibweni ake atamanga matumba a nsawa pakaliyala, anyamata a makala akutsala m'mbuyo? Chaka chatha kunabwera anthu a ku Lusaka kudzafuna atsikana odziwa kupalasa. Anati akuyambitsa timu yatsopano ya akazi okhaokha, yopikisana pa misewu ya tala, ndipo ndi ntchito ngati ntchito ina iliyonse, yolandira pamwezi. Anamusankha. Alongo anga a Lufeyo, poti ndiwo eni mbumba, anakana chifukwa cha kabudula wothina amene atsikanawo amavala. Ine ndinalimbana nawo mpaka anati, "Apite chaka chimodzi, tione."

Njinga imene anamupatsa, Amayi, mukanaiona mukanaseka. Ilibe kaliyala, ilibe belu, matayala ake ngati chala changa, pokhalira pake ngati chipande chothyoka. Ndinainyamula ndi dzanja limodzi. Nditafunsa kuti chimanga chopita kuchigayo amachimanga pati, mwanayo anafa ndi phwete.

Anayenda kutali, ife tikungomva pafoni, lero ku Kabwe, mwezi wina ku Kitwe. Ndikamufunsa kuti wakhala wachingati, ankangoti, "Zayenda bwino, Amama." Ine ndinkati ndi kudzichepetsa, monga tinamulerera.

Mpikisano wotsiriza wa chaka unali wa kwathu kuno, kuyambira ku Sinda, kudutsa pa Katete, kukathera ku Chipata. Ndinauza mudzi wonse. Ndinauza amayi a chigwirizano kutchalitchi, ndinatumiza mawu ku Vubwi, a Lufeyo nkubwera. Tinachoka ku Mkaika pangolo, tinakaima pamtunda uja usanafike pamsika wa Katete, ine nditavala chitenje chatsopano.

Opalasawo anatulukira ngati mbalame zouluka m'munsi, onse pamodzi. Patsogolo penipeni, Esinati! Atawerama, mano ali pamtunda, m'matumba a kumsana atalongamo mabotolo a madzi ngati wogulitsa pa siteshoni ya basi. Kumbuyo kwake kunali mnzake wa timu yomweyo, Mutinta wa ku Monze, atamatirira pa tayala lake, akungopuma bwinobwino mwana wanga akulimbana ndi mphepo. Tinalulutira mpaka mawu kusasa. Kenaka tinangomva phuu! Tayala la Mutinta laphulika. Mumtima ndinati, eya, tsopano mwana wanga apite yekha.

Amayi, mwana wanga anagwira mabuleki. Anatsika. Anapereka njinga yake kwa Mutinta, namukankha kumsana akuthamanga naye mpaka anapita. Iye nkutsala chilili m'mbali mwa msewu ndi njinga yophwa ya mwini wake, kudikira galimoto ya timu, pamaso panga, pamaso pa atsibweni ake, pamaso pa chigwirizano chonse. Sanandiyang'ane nkomwe. Mkazi wa a Sakala, amene pakamwa pake mukupadziwa, anati, "Anabanda, kodi tinalawirira kudzaona mwana wanu akubwereketsa njinga? Bwenzi atatero kumudzi konkuja, ng'ombe zikanapuma." Anthu anaseka.

Inuyo njinga yanu simunabwereketsepo munthu. Abusa enieniwo atabwera kudzaipempha tsiku lija, munawayankha kuti, "Abusa, nkhuku tengani, njinga ayi." Mawu amenewa tinakula nawo. Ndiye lero mdzukulu wanu akupereka njinga pakati pa msewu, asanapemphedwe nkomwe.

Mutinta uja anakapambana ku Chipata. Patapita masiku anabwera onse awiri kumudzi pamodzi ndi kochi wawo amene amawaphunzitsa, bambo wovala magalasi akuda ngakhale m'nyumba. Mutinta anagwada nandipatsa maluwa amene analandira popambana, ati ndi anga. Maluwa, Amayi! Ofota kale. Ndinawasiya pakhonde, mbuzi nkudya.

Kochiyo anandifotokozera kuti m'timu mumakhala mmodzi amene amamusunga kuti akapambane kumapeto. Enawo ntchito yawo ndi kumutchinga ku mphepo, kumutengera madzi ku galimoto, ndi kumupatsa njinga yake ikawonongeka. Ati pa ntchito imeneyi palibe wamphamvu ngati Esinati. Ndinati, "Bambo, ngati ndi wamphamvu choncho, bwanji osamutchinga iyeyo?" Anayamba kunena za liwiro la kumapeto, ati Mutinta ndiye ali nalo, ine ndinanyamuka kukatsekera nkhuku. Chaka chathunthu ndakhala ndikudzitama pachitsime kuti mwana wanga ali kutsogolo, osadziwa kuti anamutengera kukatungira madzi mwana wa eni ake. Zinandinyansa, ndipo sindinawabisire.

Loweruka lapitali a Lufeyo anabweranso, anatiitana tonse pansi pa mthunzi. Anati chaka chija chakwana, taona, mwana abwerere kumudzi. Ndinali nawo mbali imodzi, mpaka anapitiriza. Ati ku Vubwi kuli mnyamata wa golosale amene akumufuna, ndipo kumalire kuli katundu wambiri wosowa wopalasa ngati ameneyu. Apa ndiye ndinanyansidwa kachiwiri, kuposa poyamba. Ndinaona kuti chimene chikuwawawa si manyazi a banja ayi. Akufuna miyendo ya mwana wanga iziwawolotsera matumba ku Mozambique. Anatembenukira kwa ine nati, "Mlongo, unamutumiza ndiwe. Nena ndiwe."

Ndinafunsa mwini wake Esinati kaye. Ndinati, "Iwe, tsiku lija sunachite manyazi?" Anati, "Amama, ndikanapitirira ndekha, a matimu ena akanandipeza ndisanafike ku Chipata, tikanaluza tonse. Ndinkadziwa chimene ndikuchita, ndipo mawa ndingachitenso. Agogo ankakaniza njinga, inde, koma ndani m'mudzi muno sanakwerepo pakaliyala pawo? Inuyo si amene anakunyamulani mpaka kuchipatala muli ndi pakati panga?" Ndinamuuza kuti asakulowetseni inu m'nkhani zake. Koma sananame. Ndikukumbukira msana wanu utanyowa ndi thukuta, mukundikalipira kuti ndigwire bwino.

Ndiye ndinati, "Achimwene, ngati mwanayu anabadwira kunyamula anzake, akanyamule kumene wasankha yekha, kumene amamugwadira akamaliza. Akubwerera ku Lusaka."

Musaganize kuti ndakondwa. Masewero amene wamphamvu amatsala pamsewu, wobisala nkulandira maluwa, ine sindidzawamvetsa. Mkazi wa a Sakala akandiona pachitsime amafunsabe ngati kwathu kuli njinga yobwereka, ine ndimangotunga madzi anga. Chitenje chatsopano chija sindinachivalenso.

A Lufeyo ananyamuka atakwiya, osatsanzika. Atafika pakhomo anakumbukira kuti ku Katete kokakwerera galimoto nkutali, ndipo dzuwa linali litakwera. Anayang'ana njinga yanu imene ndinaipachika kudenga, nati ndiwabwereke, adzaitumiza ndi munthu. Ndinawayankha monga munawayankhira abusa. Anapita wapansi, nkhuku ili m'khwapa.

Pumulani bwino, Amayi. Ndimakukondani ndipo ndimakusowani, makamaka masiku ngati amenewa. Njinga yanu ndikuithirabe mafuta, ndipo ndikukulonjezani kuti ine ndikali moyo, wobwereketsa njinga m'banja muno akhala mmodzi yekha.

Ndine mwana wanu,
Velina Nabanda