Amayi alowetsa mbaula m'nyumba

Achimwene a Twaha,

Mukapeza mawindo onse ali pululu musadabwe, si akuba. Ndapita ndi amayi kuchipatala ku Limbe. Magetsi atazima anaopa gasi wanu uja, akuti aphulika, ndiye analowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka paliponse chifukwa cha chiperonichi. Ndawapeza akumva chizungulire, chifuwa chija chayambiranso. Pano akuyankhula, mpaka akudandaula za nyemba. Zili pakhonde, muzithire madzi.

Pepani, musawakalipire. Achita manyazi, akuti mawa abwerera kumudzi. Komatu kumeneko aziphikira nkhuni zaziwisi m'kakhitchini kopanda windo, ndipo chipatala chili kutali. Pamaso ndimakanika kukuuzani, koma chonde asapite. Inu amakumverani. Bedi atenge langa, ine pamkeka ndimagona bwino.

Ndine,
Sumayyah