Ndalama za nyumba ija azigwira kubanki

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Kuno tonse tili bwino, kupatula akaunti yanga.

Ndalama zomangira nyumba ija, zimene mumatumiza pang'onopang'ono m'mayina a anzanu asanu kuti akazi anu asadziwe, azigwira kubanki. Akuti lamulo limati ndalama zoyenda chozemba choncho azizifufuza, mwina n'za mbava kapena zigawenga. Ine telala wapakhonde, chigawenga! Ndiphulitsa chiyani, batani?

Mayi wina wa magalasi anandifunsa pawindo, "Anthu asanuwa ndi abale anu?" Ndinati m'bale ndi mmodzi, koma wamantha. Sanaseke. Anati ndibweretse mboni yokudziwani bwino.

Mwatsoka azakhali, akazi anu omwewo, anali pamzere womwewo, kumbuyo kwangaku. Anadzipereka okha kukhala mboni. Mapepala onse anawerenga modekha, mpaka kubwereka magalasi a mayi aja. Atatha anati ndikawaonetse nyumbayo. Tinapita, amalume. Tinapeza makatani apachika kale, ndipo mkazi amene anawapachikayo mukumudziwa bwino. Anatipatsa mipando.

Nkhani yabwino ndi yakuti akubanki atsimikiza kuti sindinu chigawenga. Azakhali angondifunsa mtengo wa tikiti yopitira komwe muliko.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Telala